Kupweteka kwa msana tisamangokuloza pa khasu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za vuto limene kuno ku Kasungu talizolowera mpaka sitilionanso ngati matenda, ndilo kupweteka kwa msana. Nyengo yopalira ikafika, kapena alimi akamadinda mabelo a fodya opita ku Chinkhoma, sipalephera munthu wofika pagolosale atagwira m'chiuno, kuitanitsa bufeni kapena indosidi, ndipo wogulitsa amangong'amba mapilisi awiri osafunsa n'komwe kuti ululuwo unayamba liti.

Sindikukana kuti ambiri a iwo vuto lawo ndi minofu imene yakokeka chifukwa chowerama tsiku lonse ndi khasu la mpini waufupi, kudzutsa thumba la feteleza la makilogalamu 50 mawondo ali chiongokere, kapena kusenza ndowa ya malita 20 kuchokera kumjigo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni padziko lonse ankavutika ndi msana, ndipo mwa anthu khumi alionse, pafupifupi asanu ndi anayi sapezeka ndi nthenda yeniyeni imene yayambitsa ululuwo. Ululu wotere umatha pakapita masabata ochepa, makamaka munthu akamayendayenda pang'ono m'malo mogona chigonere pamphasa.

Nkhawa yanga ili pa mmodzi wotsalayo, amene timamuuzanso kuti ndi kutopa chabe. Pakati pa mafupa a msana pali tizinthu tofewa togwira ntchito ngati nkhata pakati pa mutu ndi mtsuko, ndipo kamodzi kakasuntha n'kupanikiza mtsempha, ululu umatsika kuchokera m'thako mpaka kuphazi, mwendo n'kumachita dzanzi. Kwa okalamba, mfundo za mafupawa zimatha ndi zaka. Ululu wa cham'mbali, pansi pa nthiti, wobwera ndi kutentha thupi ndi kuwawa pokodza, kawirikawiri umachokera ku impso. Nayonso khansa ya khomo la chiberekero kwa amayi, kapena ya prostate (kachiwalo kokhala pansi pa chikhodzodzo) kwa abambo, ikafalikira imatha kumvekera kumsana.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi TB. Ambiri timaidziwa ngati nthenda ya m'mapapo yokha, pamene tizilombo take timatha kuyenda ndi magazi n'kukakhazikika m'mafupa a msana, kumene timadya fupa pang'onopang'ono kwa miyezi, munthu osatsokomola ngakhale kamodzi. Wodwalayo amaonda, amatuluka thukuta usiku, ndipo ululu suleka ngakhale agone. Fupa likafumbwa n'kuphwanyika, pamsana pamatuluka linunda, mtsempha waukulu umapanikizika, miyendo n'kufa. Ndinaona mayi wina wa m'dera lathu amene msana wake unadzaza mphini kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno, zina zakale zakuda, zina zikadali zaziwisi, ndipo pamene abale ankamukweza pangolo kupita naye kuchipatala anali atasiya kale kuima yekha. Chimandiwawa n'chakuti mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo nthendayi ikapezeka msanga munthu amachira miyendo isanalumale. Amene ali ndi HIV ayenera kukhala tcheru koposa, pakuti TB imawagwira mosavuta.

Mapilisi a pagolosale aja nawonso ali ndi mlandu wawo. Amaphimba ululu nthenda ikupitirira mkati, ndipo akamwedwa tsiku ndi tsiku, makamaka m'mimba mulibe kanthu, amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso.

Choncho ndikupempha alangizi a zaumoyo, amene amafika m'midzi mwathu kukayeza ana sikelo, kuti aziwauzanso makolo za msana. Anthu amve kuti ululu wopitirira mwezi umodzi, wobwera ndi kuonda kapena kutentha thupi, kapena woyamba munthu atagwa panjinga kapena pangolo, ndi wofunika kukapimitsa. Amvenso kuti miyendo ikayamba kufooka, pakati pa ntchafu pakachita dzanzi, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikamatuluka zokha, wodwalayo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, kuti ngati n'koyenera atumizidwe ku Kamuzu Central ku Lilongwe nthawi ikadalipo.

Ine wokhudzidwa,
Kwa Santhe, Kasungu