Lipoti la nthumwi: amuna akuda oyamba pa uloya ndi ujaji ku South Carolina

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse,

Msonkhano umene munatitumako unachitikira ku Columbia, likulu la chigawo cha South Carolina ku America. Munatipempha zinthu ziwiri: tikamve mbiri ya amuna akuda amene anayamba uloya ndi ujaji m'chigawochi, komanso tikafufuze ngati anzathu amene anaphunzira zamalamulo kumudzi ku Malawi angagwire ntchito kumeneko. Tiyamba ndi mmene majaji amasankhidwira, chifukwa mbiri yonseyi yatsamira pamenepo.

Ku South Carolina majaji a makhothi akuluakulu savoteredwa ndi anthu wamba, ndipo sasankhidwa ndi bwanamkubwa. Amasankhidwa ndi aphungu. Nyumba ya malamulo ya chigawochi ili ndi mbali ziwiri, ina ya aphungu 124 ndi ina ya masenetala 46, ndipo onse 170 amakhala pamodzi n'kuvota. M'dziko lonse la America ndi Virginia yekha amene amachita zofanana ndi zimenezi. Kwathu tinazolowera kuti Pulezidenti amasankha majaji atamva kwa Judicial Service Commission, choncho muyenera kuchotsa kaye chithunzi chimenecho m'mutu. Ku South Carolina jaji amabadwira m'nyumba ya malamulo. Anthu akuda akakhala ndi mavoti m'nyumbamo, majaji akuda amapezeka. Mavotiwo akachepa, majajinso amachepa.

Nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1865 n'kuthetsa ukapolo, anthu akuda anali oposa theka la anthu onse a m'chigawochi. Pa msonkhano wolemba malamulo atsopano a chigawo, umene unachitikira ku Charleston mu 1868, nthumwi zakuda zinalinso zoposa theka. Chaka chomwecho Jonathan Jasper Wright, William Whipper ndi Robert Brown Elliott analoledwa kuimira anthu pa milandu. Masiku amenewo digiri sinali yofunika. Munthu ankawerenga mabuku a malamulo mu ofesi ya loya wina, kenako n'kukayesedwa pamaso pa khothi. Whipper ndi Elliott anatsegula ofesi pamodzi ndi Macon Bolling Allen, amene analandira chilolezo cha uloya ku Maine mu 1844 ndipo amadziwika kuti ndiye loya wakuda woyamba m'dziko lonselo.

Wright anabadwira ku Pennsylvania mu 1840. Anabwera ku Beaufort ngati mphunzitsi wa anthu amene anali atangomasulidwa kumene, kenako anakhala senetala. Pa 1 February 1870 aphungu anamusankha kukhala jaji wa Supreme Court ya chigawo, ali ndi zaka 29 zokha, ndipo amene ankapikisana naye anali Whipper yemweyo. Palibe munthu wakuda amene anali atakhalapo m'khothi lalikulu la chigawo chilichonse iye asanatero.

Olankhula anakhalitsa pa kugwa kwake kuposa kukwera kwake, ndipo ifenso tikuona kuti phunziro lili pamenepo. Chisankho cha bwanamkubwa cha 1876 chinali cha ziwawa, ndipo Daniel Chamberlain ndi Wade Hampton aliyense ankati wapambana. Nkhani inafika ku khothi kudzera pakhomo la kumbuyo: Hampton anakhululukira mkaidi wina wamkazi, ndiye funso linali loti, kodi wokhululukayo ndi bwanamkubwa weniweni? Wright anasaina chigamulo chokomera Hampton, kenako anayesa kuchotsapo dzina lake. Sanapindule mbali iliyonse. Boma la ku Washington litasiya kuteteza Chamberlain ndi asilikali mu April 1877, aphungu a Hampton anayamba kumufufuza Wright pomunamizira uchidakwa, ndipo iye anatula pansi udindo chaka chomwecho. Anamwalira ku Charleston mu 1885. Kuchokera pamene anatula pansi udindo, panapita zaka 108 kuti munthu wakuda wachiwiri akhale pa mpando umenewo.

Whipper naye aphungu anamusankha kukhala jaji wa khothi loyendera madera mu December 1875, koma Chamberlain, wa chipani chake chomwe, anakana kusaina chikalata chomuika pa udindo. Sanakhalepo pa mpandowo.

Sukulu zinatsekedwanso mofanana. University of South Carolina inkalandira akuda kuyambira 1873, ndipo Richard Greener, munthu wakuda woyamba kumaliza ku Harvard College, ankaphunzitsa pamenepo n'kutengaponso digiri ya malamulo mu 1876. Mu 1877 yunivesiteyo inatsekedwa, ndipo potsegulidwanso mu 1880 inali ya azungu okha. Malamulo a chigawo a 1895, amene senetala wachizungu Benjamin Tillman anawatsogolera, anabweretsa mayeso a kuwerenga pamodzi ndi msonkho kwa wofuna kuvota. Apa pali chinthu chimene ambiri sachiona msanga. Mamembala a jury, gulu la anthu wamba limene limagamula mlandu m'khothi, ankatengedwa m'kaundula wa ovota. Anthu akuda atachotsedwa m'kaundulamo, jury inakhala ya azungu okhaokha, ndipo munthu wakuda wa mlandu ankaona kuti ndi bwino kulemba loya wachizungu amene jury ingamumvere. Sipanafunike lamulo loletsa akuda kukhala maloya. Makasitomala anatha, ndipo ena mwa maloyawo anasamuka, ena analowa uphunzitsi kapena ubusa.

Khomo linayamba kutsegukanso ndi mlandu wa John Wrighten, amene anamenyapo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndipo anakanidwa malo pa sukulu ya malamulo ya University of South Carolina. Anamuimira Thurgood Marshall, loya wotchuka womenyera ufulu wa akuda, ndi Harold Boulware, loya wa ku Columbia amene pambuyo pake anagwira mlandu wa sukulu za ku Clarendon County, umodzi mwa milandu imene inaphatikizidwa mu Brown v. Board of Education, mlandu umene mu 1954 unagamula kuti kulekanitsa akuda ndi azungu m'sukulu za boma n'kosaloledwa. Mu 1947 jaji J. Waties Waring anapatsa chigawo njira zitatu: chimulandire Wrighten, chitsegule sukulu yofanana ya akuda, kapena chitseke ya azunguyo. Aphungu anasankha njira yodula, bola asakhale m'kalasi imodzi. Anatsegula sukulu ya malamulo pa South Carolina State College ku Orangeburg. Inagwira ntchito kuyambira 1947 mpaka 1966 ndipo inatulutsa anthu 51 okha, amuna 50 ndi mayi mmodzi.

Mpaka 1950, womaliza pa sukulu ya malamulo ya boma ankalowa uloya osalemba mayeso ena, dipuloma yake inali yokwanira. Ophunzira a ku Orangeburg atangoyamba kumaliza, mu 1950 aphungu anathetsa mwayi umenewo n'kulamula kuti aliyense azilemba mayeso. Mayeso paokha si oipa. Koma nthawi imene anabwerera ikudzifotokoza yokha.

Kasukulu kameneka, kamene anakamangira kuti akuda asayandikire azungu, n'kamene kanaphunzitsa anthu amene anagwetsa tsankholo. Matthew Perry anamaliza pamenepo mu 1951. Ndiye anaimira Harvey Gantt, wophunzira wakuda woyamba kulowa pa koleji ya Clemson mu 1963, komanso ophunzira 187 amene anamangidwa mu 1961 pochita zionetsero pabwalo la nyumba ya malamulo, mlandu umene Supreme Court ya dziko lonse inagamula mowakomera mu 1963 pa dzina la Edwards v. South Carolina. Pulezidenti Ford anamuika ku khothi la apilo la asilikali mu 1976, ndipo Carter anamuika kukhala jaji wa boma lalikulu ku South Carolina mu 1979. Taonani kuti Perry sanadutse mwa aphungu a chigawo, mpando wake unachokera ku Washington. Nyumba ya khothi la boma lalikulu ku Columbia imatchedwa dzina lake.

Ernest Finney Jr. anamaliza ku Orangeburg mu 1954. Uloya sunkamudyetsa, choncho ankaphunzitsa ku Conway n'kumagwiranso ganyu woperekera zakudya m'hotela. Msonkhano wake woyamba wa bungwe la maloya a chigawo, ku Myrtle Beach, anauona ali ndi thireyi m'manja, akuperekera chakudya kwa anthu amene anali ndi chilolezo chofanana ndi chake, pakuti bungwelo silinkalandira akuda. Anasamukira ku Sumter mu 1960. Mu 1961 anaimira anyamata a ku Rock Hill otchedwa Friendship Nine, amene anamangidwa chifukwa chokhala pa malo odyera azungu n'kusankha masiku 30 a ntchito yakalavulagaga m'malo molipira chindapusa. Pa 28 January 2015, ali ndi zaka 83, anaimanso m'khothi m'malo mwa anthu omwewo pamene zigamulo zawo zinafafanizidwa, ndipo jaji wa tsikulo anali mbale wa jaji amene anawamanga.

Njira ya Finney yopita pa ujaji ikutsimikizira zimene tanena poyamba. Lamulo loteteza ufulu wovota la 1965 linabwezera akuda m'kaundula. Mu 1970 Herbert Fielding, James Felder ndi I. S. Leevy Johnson analowa m'nyumba ya malamulo, oyamba kuchokera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Finney anawatsatira mu 1972. Madera atagawidwa kuti lililonse lizitumiza phungu mmodzi, aphungu akuda anachuluka, ndipo mu 1976 Finney anasankhidwa kukhala jaji wa khothi loyendera madera. Anakwera ku Supreme Court mu 1985, n'kukhala mkulu wa majaji kuyambira 1994 mpaka 2000. Ndiye analemba chigamulo cha 1999 pa mlandu wa Abbeville, chonena kuti chigawo chili ndi udindo wopereka kwa mwana aliyense maphunziro ofika pa mlingo wina wake. M'zaka zomwezo Jasper Cureton analowa m'khothi la apilo pamene linkakhazikitsidwa mu 1983, ndipo Johnson anakhala pulezidenti wa bungwe la maloya mu 1985.

Donald Beatty wa ku Spartanburg anayenda njira yomweyo: phungu, jaji woyendera madera mu 1995, khothi la apilo mu 2003, Supreme Court mu 2007, mkulu wa majaji mu 2017. Atapuma mu 2024 pokwanitsa zaka 72, khothi la anthu asanulo linatsala la azungu okhaokha, m'chigawo chimene munthu mmodzi mwa anayi alionse ndi wakuda. Kuchokera 1870 akuda amene akhalapo m'khothi limenelo ndi atatu basi: Wright, Finney ndi Beatty. Ena pamsonkhanopo ankakonda kuwerengetsa maina a oyamba ngati zikho. Ife tikuona kuti funso lothandiza ndi loti wachiwiri anabwera liti.

Ndondomeko ya lero ili motere. Wofuna ujaji wa makhothi akuluakulu akhale ndi zaka 32 kapena kuposa, akhale loya kwa zaka 8, ndipo akhale m'chigawomo zaka 5. Amapereka kalata ndi mbiri yake yonse, kuphatikizapo za chuma chake, kwa Judicial Merit Selection Commission, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996. Komiti ya bungwe la maloya ndi komiti ya anthu wamba a m'dera zimamufunsa mafunso, maloya anzake amapereka maganizo awo mosatchula maina, kenako iye amalumbira n'kuyankha pagulu. Amamuyesa pa mfundo 9, monga khalidwe, luso, thanzi, zaka zimene wagwira ntchito ndi kuugwira mtima. Sangapemphe phungu kuti amulonjeze voti lipoti la komitiyo lisanatuluke. Wa Supreme Court amakhala zaka 10, wa apilo ndi woyendera madera zaka 6, ndipo nthawi ikatha amabwereranso kwa aphungu omwewo.

Pamavuta malo atatu. Kwa zaka zambiri komitiyo inali ndi anthu 10, mwa iwo aphungu 6, ndipo inkatumiza maina atatu okha pa mpando umodzi, moti munthu ankatha kupezeka woyenera koma dzina lake osafika pa voti. Lamulo la 2024 linakweza mamembala kufika 12, linapatsa bwanamkubwa mipando inayi, ndipo maina otumizidwa tsopano amatha kufika 6. Chachiwiri, opikisana amawerengera mavoti m'makonde, ndipo woona kuti sapambana amachoka tsiku lovota lisanafike. Ndi mmene zinakhalira mu 2024, pamene jaji Jocelyn Newman, yekhayo wakuda mwa atatu opikisana pa mpando wa Supreme Court, anachoka, winanso anachoka, ndipo Letitia Verdin anadutsa wopanda wopikisana naye. Zikatero palibe kaundula woonetsa phungu amene anakana ndani. Chachitatu, phungu tsopano amayenera kudikira chaka chathunthu atachoka m'nyumba ya malamulo asanasankhidwe ujaji. Lamuloli n'labwino pothana ndi kukondera, koma linatseka njira yachidule imene Finney ndi Beatty anadutsamo. Onjezani kuti aphungu akuda ambiri ndi a Democratic Party, pamene nyumba zonse ziwiri zili m'manja mwa Republican Party.

Funso lanu lachiwiri yankho lake ndi lowawa. South Carolina imafuna JD, digiri ya malamulo ya ku America ya zaka zitatu, ya sukulu yovomerezedwa ndi American Bar Association. LLB ya ku Zomba payokha siikwanira, ngakhale mutawonjezera LLM, digiri yapamwamba ya malamulo ya chaka chimodzi. M'chigawomo sukulu zoterozo zilipo ziwiri, ya University of South Carolina ndi Charleston School of Law. Kuyambira 2017 mayeso ake ndi Uniform Bar Examination, ndipo pamafunika mapointi 266 pa 400, kuphatikiza mayeso ena a khalidwe la loya. Mukalandira chilolezo simungaime nokha pa mlandu musanaonerere kapena kuthandiza pa milandu ingapo n'kusainitsa umboni wake. New York imalola ena ophunzira kunja kulemba mayeso, koma kukhoza kumeneko sikuchotsa lamulo la JD la South Carolina. Mayesowa akusinthidwanso m'zigawo zambiri, choncho musalipire kosi yokonzekera musanaone zimene khothi la chigawo lalengeza chaka chimenecho.

Chothandiza n'chakuti sukulu ikhoza kuwerengera maphunziro a kunja mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a JD, ndiye kuti chaka chimodzi chikhoza kuchoka. Sukulu iliyonse imagamula yokha, ndipo imafuna zotsatira za mayeso zochokera ku yunivesite mwachindunji pamodzi ndi tsatanetsatane wa kosi iliyonse. Tikupempha a Mlembi aike nkhaniyi pa ndandanda ya msonkhano ukubwerawu, ndipo mamembala amene ali ndi LLB abwere ndi mapepala awo kuti komiti ilembere sukulu ziwirizo kalata imodzi.

Ife nthumwi zanu.