Kwa eni galaja amene munandimangira injini: girdle ija munaiika bwanji?

Bwana, ndalemba poyera chifukwa mauthenga anga mukungowerenga osayankha, ndipo ndikaimba foni mnyamata wanu akumati mwatuluka. Dzina la galaja sinditchula, mukudzidziwa nokha.

Tsiku limene ndinabweretsa block, thupi la injini, tinagwirizana bwinobwino. Injini ikhala ya turbo, ndiye pansi pakufunika girdle, chitsulo chomanga pamodzi ma main cap onse 5 (zitsulo zogwira crankshaft, shafiti yaikulu yozungulira pansi pa injini) kuti asamagwedere mphamvu ikachuluka, komanso ma stud (mabawuti opanda mutu omangira ndi nati) m'malo mwa mabawuti akale. Ndinanena kawiri konse kuti mukamanga girdle ndi ma stud pa torque yake (mulingo wa kulimba kwake), muchite line hone (kupala mabowo a ma bearing kuti akhale ozungulira komanso pamzere umodzi) zonse zili zomangidwa choncho. Stud imafinya cap mosiyana ndi bawuti, ndipo bowo logonamo bearing limatha kusiya kukhala lozungulira. Munati ndisadandaule, ntchito imeneyi ndi yanu ya tsiku ndi tsiku. Pa lisiti munalembapo kuti line hone yachitika.

Galimoto sinayende ndi makilomita 500 omwe. Injini ikatentha pressure ya oyilo inayamba kutsika, kenako pansi pakumveka kugogoda. Ndinazimitsa pomwepo n'kuikoketsa. Titatsitsa sampu (mosungira oyilo pansi pa injini), oyilo anali kunyezimira ndi tizidutswa ta kopa, ndipo titadula fyuluta tinapezanso tomweto m'mapindo a pepala. Mtima unandiwawa, chifukwa crankshaft ija ndinaisungira ndalama chaka chathunthu.

Chimene chandipsetsa mtima kwambiri ndi zimene tapeza pansi pa girdle. Mutu wa cap iliyonse umayenera kusalazidwa pa makina kuti girdle ikhale pa onse mofanana, apo ayi pamaikidwa ma spacer opimidwa. Inu munapanirapo mawashala wamba, ena onenepa ena opyapyala. Pa cap yachiwiri feeler gauge (kachitsulo kopyapyala kopimira mpata) ikulowa n'kutulukira mbali ina. Ndiye girdle imene ndinagula kuti ilimbitse pansi ndi yomwe inali kukoka ma cap mokhota. Makaniko wina wapima mabowo ndi dial bore gauge (chida chopimira mkati mwa bowo) ine ndikuona, ndipo lapakati si lozungulira. Mkati mwake mulibe ngakhale timizere topingasa timene hone imasiya. Bearing ya pamenepo yadyeka mpaka kopa kuonekera. Pa girdle penipenipo pali malo owala pomwe bawuti ya con rod (ndodo yolumikiza pisitoni ndi crankshaft) inali kukhula. Munthu akanazunguza crankshaft ndi manja asanatseke sampu, akanamva.

Amisiri amawerengera kuti pa inchi iliyonse ya kunenepa kwa journal (gawo la crankshaft lozungulira mu bearing), mpata wa oyilo ukhale pafupifupi 0.001 ya inchi. Pantchito yosamalitsa chonchi simunandipatse pepala la miyeso ngakhale limodzi, ndipo nditafunsa munati mnyamata analitaya.

Sindikufuna mkangano, ndikufuna ntchito imene ndinalipira. Tengani block muisalaze ma cap, muchite line hone girdle ili pamalo pake, mugule ma bearing atsopano, ndipo crankshaft ikapimidwe ngati ingapulumuke. Popima ndikhalepo ndione manambala ndi maso anga. Ngati makina a line hone mulibe, ingonenani, mundibwezere ndalama ndipite kwina. Zithunzi zonse ndi mawashala aja ndasunga. Ndikudikira yankho lanu pofika Lachisanu.