Thanki ya madzi ozimitsira moto isamaundane

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi abale athu amene akugwira ntchito za ulonda ndi zosamalira nyumba zosungiramo katundu m'mayiko ozizira, pakuti ambirife timawerengabe nkhani zakumudzi pa intaneti. Ine ndimakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, kumene kuli Amalawi ochuluka ndithu, ndipo nkhawa yanga ili pa mathanki a madzi ozimitsira moto m'nyengo yachisanu.

Munthu wokulira ku Dedza ngati ine amaganiza kuti chisanu amachidziwa, chifukwa mu June ndi July mame amatha kuundana pa udzu wa m'dambo, koma dzuwa likangotuluka amasungunuka. Kuno madzi amakhala oundana kwa masiku ambiri otsatizana, ndipo kumapeto kwa January 2019 mzinda wa Chicago, umene suli patali ndi kuno, unazizira mpaka pafupifupi madigiri 30 a Celsius kunsi kwa ziro.

Usiku wina ndikuyendera malo amene ndimagwirako ntchito, ndinapeza hita ya thanki yathu itazimitsidwa. Anaizimitsa ndi mnzanga wochokera kudziko lotentha, amene anaona thanki yodzaza bwino ndipo anaganiza kuti kutenthetsa madzi amene palibe adzasambe ndi kuononga magetsi chabe. Sindimuimba mlandu, popeza tonsefe tinaleredwa kuzimitsa chilichonse chimene chikungodya magetsi. Cholakwa chinali chakuti palibe anamufotokozera ntchito ya hitayo pamene ankamulemba ntchito.

Madzi akamaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse, ndipo mphamvu imeneyi imang'amba paipi yachitsulo. Choyamba kutsekeka kawirikawiri ndi paipi yotulutsa madzi, chifukwa madzi a mmenemo ndi ochepa ndiponso sayenda, kotero kuti thanki ikhoza kukhala ndi malita zikwizikwi pamene pampu ikulephera kukoka ngakhale dontho. Pali ngozi inanso imene ambiri saiganizira. Ayezi akatseka kabowo kolowera mpweya kudenga la thanki, ndiyeno pampu n'kuyamba kukoka madzi pansi, thankiyo ikhoza kufinyikira mkati ngati botolo lapulasitiki limene mwana walitsopa. Zonsezi zimaonekera tsiku limene moto wabuka, pamene palibenso nthawi yokonza kanthu.

N'chifukwa chake bungwe la NFPA, limene linakhazikitsidwa mu 1896 ndipo limalemba malamulo oteteza moto kuno, linaika m'buku lake la NFPA 22 kuti madzi a m'thanki ya kumalo ozizira asatsike kupitirira madigiri 42 a Fahrenheit, amene ndi 5.6 a Celsius, ngakhale pa tsiku lozizira koposa. Alamu yochenjeza iyenera kulira madziwo akafika pa madigiri 40 a Fahrenheit, kuti anthu achitepo kanthu ayezi asanagwire. Malirewa amayesedwa pa madzi ozizira kwambiri m'thankimo, osati pafupi ndi hita pamene pali pofunda. Kukula kwa hita sikuchita kulota ayi, koma akatswiri amawerengera kutentha kumene thankiyo imataya malinga ndi kukula kwake, chimene anaipangira, ndi tsiku lozizira kwambiri la m'deralo. Ena amaika hita yamagetsi yomira m'madzi, ena amayendetsa madziwo kudzera mu boyila n'kuwabwezera m'thanki ali ofunda.

Ndamvapo mabwana ena akunena kuti thanki yokutidwa bwino siifunanso hita, ndipo ine ndimatsutsa zimenezo. Chokutira chimachita ngati bulangeti: chimachedwetsa kutentha kuthawa, koma sichibweretsa kutentha kwatsopano, ndiye chisanu chikakhalitsa madziwo adzaundanabe. Hita nayonso imafuna magetsi odalirika. Mu February 2021 chigawo cha Texas, chimene chimadziwika ndi kutentha, chinagwidwa ndi chisanu choopsa, magetsi anathima kwa masiku angapo kwa anthu mamiliyoni, ndipo mapaipi anaphulika m'nyumba zosawerengeka. Malo amene hita yake sinalumikizidwe ku jenereta amakhala opanda chitetezo pa nthawi yeniyeni imene anthu akuyatsa makandulo ndi mbaula m'nyumba.

Pempho langa kwa m'bale aliyense amene wapatsidwa makiyi a malo otere ndi lakuti afunse abwana ake tsiku loyamba lomwelo kuti amuonetse pamene pali hita, choyezera kutentha ndi alamu. Ngati thankiyo ilibe alamu yolumikizidwa kwa oyang'anira usana ndi usiku, malamulo a NFPA 25 amafuna kuti hita iziyenderedwa tsiku ndi tsiku m'nyengo yonse yozizira, ndipo ndi bwino kulemba m'buku madigiri amene wapeza. Akaona nambala ikutsika kuyandikira madigiri 40 a Fahrenheit, aimbe foni nthawi yomweyo, ngakhale pakhale pakati pa usiku, ndipo asayese kusungunula paipi yekha ndi moto.

Ine wanu wowerenga,
South Bend, Indiana