Ndiwauze bwanji a mafizo kuti azipukuta zipangizo?

Zikomo Alangizi,

Ndimakhala ku Chilomoni ndipo ndikudwazika bambo anga ondibereka, amene anachita sitiroko n'kufa dzanja ndi mwendo wa kumanja. Alinso ndi shuga. Kawiri pa sabata timakwera minibasi kupita kuchipatala china muno mu Blantyre kukachita mafizo. Sindiname, mafizowo akuthandiza. Bambo amene tinkachita kuwadyetsa, lero akutema okha nsima.

Koma zimene ndimaona m'chipindamo zikundisowetsa tulo. Matiresi ake ndi ong'ambika, siponji ili pamtunda. Wina akadzukapo thukuta lili kamukamu, wina amagonapo nthawi yomweyo. Mpira wofinya m'manja, zitsulo zogwirira pophunzira kuyenda, lamba womanga pamwendo, zonse zimangochoka kwa uyu kupita kwa uyo osapukutidwa. Tsiku lina ndinaona mnyamata wina wa bala la moto, bandeji yake itanyowa, atamangidwa lamba. Atangomumasula, lamba yemweyo anadzamanga bambo anga, ine ndikuona, koma pakamwa panga panalemera.

Bambo anali ndi kachilonda pamsongolo, kongokalika ndi mpando. Sipanatenge nthawi mwendo unatupa, mafinya n'kuyamba, thupi kutentha usiku onse. Mankhwala oyamba sanagwire. Atayeza mafinyawo ku labu, adokotala anati ndi Staphylococcus aureus, kachirombo kamene ambirife timayenda nako pakhungu ndi m'mphuno osadwala, koma kakalowa pabala, makamaka la munthu wa shuga, kamavuta kwambiri. Anatinso kamatha kukhala ndi moyo masiku ambiri pa chinthu chouma. Mwina anakatengera kunyumba komwe, koma mtima wanga umangobwerera pa lamba uja.

Mayi amene amachititsa mafizowo sindikuwada ayi. Amakhala okha, odwala ali mbwee pa benchi, ndipo bambo amawatchula kuti "mwana wanga". Kungoti nthawi ya Covid mu 2020 ndi ya kolera mu 2023, kulikonse tinkasamba m'manja ndi madzi a kolorini tisanalowe. Lero ndowa ija ikadali pakhomo, koma youma.

Achimwene anga akuti tingosiya, tiziwawongola tokha kunyumba. Ine ndikuopa kuti tikatero ziwalo ziuma, zonse tavutikirazi zipite pachabe. Kulankhula nakonso ndikuopa. Mukudziwa mmene zimakhalira kuno, ukangofunsa amati ukudziyesa dokotala, mawa lake wodwala wako n'kumuona pomalizira.

Chonde ndithandizeni. Chilondacho chayamba kuuma. Tidikire chipoleretu kapena tingachimange bwino n'kubwerera? Kodi ndikanyamula sipiriti ndi thonje, n'kumapukuta ndekha zitsulo ndi lamba, kenako n'kuyala chitenje changa pa matiresi, zingawateteze, nanga sizioneka ngati mwano? Ndipo nkhaniyi ndiyambe ndauza mayiwo pambali, kapena ndipite kwa akuluakulu a chipatala? Sindikufuna kuti munthu amene wawaimiritsa bambo anga alowe m'mavuto chifukwa cha ine.

Ine mdwaziki,
Chilomoni, Blantyre