Za yankho lako lija la kuyenda

Mwana wanga wokondedwa,

Mawu amene unandijambulira pa foni aja, poyeserera gawo lolankhula la mayeso a Chingerezi a IELTS, ndawamvetsera katatu. Koyamba ndinkangomwetulira, poti ndinali nditakusowa. Kachiwiri ndinatenga cholembera. Kachitatu m'pamene ndinaganiza zokulembera, chifukwa ndikakuimbira umathamangira kunena kuti "ndamva, ndamva" ine ndisanamalize.

Funso loyamba limene unadzifunsa linali lakuti "Do you walk a lot?" Unayankha kwa mphindi yathunthu ndi theka. Unati kuyenda wapansi ndi "a highly beneficial form of physical activity", kumachepetsa nkhawa, kumateteza chilengedwe, ndi zina zambirimbiri. Chingerezi chake chosalala ndithu. Koma nditamva zonsezo ndinatsala ndi funso lomwe lija: kodi mwanayu amayenda kapena sayenda? Ine amene ndinakugwira dzanja ukuphunzira kuponda pansi, sindinakupezemo m'yankho lakolo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Unaloweza, ndipo zikumveka kuti unaloweza, chifukwa mawu ako anauma ngati ukuwerenga chikwangwani.

Ukudziwa kale kuti mayeso olankhula a IELTS amatenga mphindi 11 mpaka 14 ndipo ali ndi zigawo zitatu. Mafunso ngati a kuyendawa amakonda kubwera m'chigawo choyamba, cha mphindi 4 mpaka 5, pamene woyesa amakufunsa za iwe mwini: kumene ukukhala, ntchito kapena maphunziro ako, kenako tinkhani ta tsiku ndi tsiku. M'kanthawi kameneko iye ali ndi mafunso ambiri oti adutsemo. Ukatalikitsa akudula pakamwa, osati chifukwa wakwiya, koma nthawi yamuthera. Ziganizo ziwiri kapena zitatu n'zokwanira: yankha funsolo, nena chifukwa, wonjezerapo kanthu kamodzi kochokera m'moyo wako.

Mwina ungandifunse kuti, "Nanga bambo, woyesayo akandiona kuti ngati ndikuyendadi?" Zoona, sakakuona. Iye amapereka malikisi, kuyambira 0 mpaka 9, poyang'ana zinthu zinayi zolemera mofanana: ngati ukulankhula mosadodoma ndipo mfundo zikutsatana, kuchuluka ndi kuyenera kwa mawu amene ukugwiritsa ntchito, galamala, ndi katchulidwe. Palibe malikisi a kunena zoona. Komabe nena zoona, chifukwa akangoti "Why?" woloweza amagwa pomwepo, pamene wonena za moyo wake ali ndi zonena zina kumbuyo. Ngati suyenda, nena kuti suyenda. Ine ndikanakhala iwe ndikanati: "Not as much as I'd like to. I sit at a desk most of the day, so I only walk about fifteen minutes to the bus stop. At weekends I sometimes go for a longer walk to clear my head." Mulibe mawu aakulu, koma muli munthu amene akuoneka.

Tsopano pali chinthu chimene ndikufuna uchimvetse bwino, chifukwa apa m'pamene malikisi akukuthawa. Woyesa sasamala kwenikweni za miyendo yako. Mafunso ake amawasanja kuti akuyendetse m'nthawi zosiyanasiyana za mneni. Akati "Do you walk a lot?" akufuna za chizolowezi. Akati "Did you walk more when you were a child?" wakubwezera kale. Akati "Do you think people will walk more in the future?" wakuponyera kutsogolo. Iwe mu zimene unajambula zija unadzifunsa mafunso onse atatu, koma unawayankha m'nthawi imodzi ya mneni, ngati dzulo ndi mawa n'chimodzimodzi.

Chodabwitsa n'chakuti m'chilankhulo chathu sungalakwitse zimenezi ngakhale uli m'tulo. Umati ndimayenda, ndikuyenda, ndinkayenda, ndidzayenda, ndipo aliyense amamva kusiyana kwake. Gwiritsa ntchito zomwezo ngati makwerero. Ka -ma- kaja ndi "I walk". Ka -ku- ndi "I am walking", kutanthauza kuti panopa miyendo ili panjira. Choncho ukati "I am walking every day" umakhala ukunena kuti "ndikuyenda" pofuna kunena kuti "ndimayenda". Ka -nka- ndi "I used to walk": "I used to walk to school, and it took nearly an hour. These days I hardly walk at all." Taona mmene yankho limeneli lagwirira kale ndi lero m'ziganizo ziwiri zokha. Koma samala, "I used to walk" ndi "I am used to walking" si chinthu chimodzi. Choyambacho ndi "ndinkayenda", chachiwiricho ndi "ndinazolowera kuyenda". Ndipo pambuyo pa "used to" woyambayo mneni sasintha, sitinena "used to walked".

Za mawu sinditaya nthawi yambiri. Kwa ife kuyenda ndi mawu amodzi onyamula katundu yense: munthu amayenda, galimoto imayenda, wotchi imayenda, ntchito nayo imayenda bwino. Chingerezi chimagawa. "Walk" ndi wa miyendo basi, wa pa basi kapena pa ndege ndi "travel" kapena "go". Kuwongola miyendo pang'onopang'ono ndi "stroll", kungoyendayenda wopanda kolowera ndi "wander", ulendo wautali wapansi wokwera mapiri kapena wodutsa m'nkhalango ndi "hike". Malo apafupi oti n'kufikako wapansi amati ali "within walking distance". Sankhapo awiri kapena atatu amene akugwirizana ndi moyo wako, enawo asiye. Mawu odula oikidwa pamalo olakwika amaonekera kuposa mawu wamba oikidwa pamalo pake. Ndipo chonde, "I was footing" ija usapite nayo m'chipinda cha mayeso. Nena "I went on foot" kapena "I walked".

Kenako pali "walk" ndi "work". Apa ndiseke kaye, chifukwa vutoli unatengera kwa ine. Ndili mnyamata, pa mafunso olowera ntchito ina, ndinauza anthu amene ankandifunsawo kuti "I walk very hard". Mmodzi wa iwo anandiyang'ana kunsapato. Ndinazindikira ndili kale panja chimene anayang'anira. Gwero lake n'lakuti ife tili ndi mavawelo asanu okha, a, e, i, o, u, pamene Chingerezi chili ndi ambiri kuposa pamenepo, ndiye khutu lathu limawaunjika awiriwa m'thumba limodzi. Potchula "walk" milomo izungulire ngati ukunena o wautali, ndipo l uja satchulidwa n'komwe. Potchula "work" milomo isazungulire, ingomasuka, lilime likhale pakati. Ima pagalasi uzinena kuti "I walk to work" mpaka uone milomo ikusintha kawiri. Mu zimene unajambula zija mawu awiriwa anatuluka ofanana, moti mayi ako, amene ankamvetsera nawo, anafunsa ngati ukunena kuti umagwira ntchito popita kuntchito.

China n'chakuti mawu athu amathera pa vawelo, ndiye lilime limafuna kuwonjezera kamchira pa mawu a Chingerezi. "Walked" ndi phatikizo limodzi, lothera pa t, osati "wokedi". Komanso l ndi r zimatisokonekera, choncho "regularly" ndi "rarely" uziyesere padera. Ngati lilime likukanabe, palibe amene wakukakamiza: "most days" ndi "not very often" akugwira ntchito yomweyo. Usavutike kutsanzira kalankhulidwe ka ku London kapena ka m'mafilimu. Woyesa amamvetsera ngati ukumveka mosavuta, ngati ukutsindika malo oyenera. Mawu akhale akoako, bola amveke.

Mawu ako aakulu aja usawataye. Uwasungire chigawo chachitatu, kumene amakufunsa za anthu onse, monga chifukwa chimene anthu a m'mizinda achepetsera kuyenda wapansi, kapena chimene boma lingachite kuti oyenda pansi azitetezeka pamsewu. Kumeneko za thanzi ndi chilengedwe zili pamalo pake, bola uzinene monga maganizo ako, osati ndakatulo yoloweza. M'chigawo chachiwiri akhoza kukupatsa khadi loti ufotokoze ulendo wina wapansi umene unayendapo. Amakupatsa mphindi imodzi yokonzekera, pensulo ndi pepala, kenako umalankhula mpaka mphindi 2. Papepalapo usalembe ziganizo, mphindi imodzi ndi yochepa. Lemba mawu anayi kapena asanu okukumbutsa: kuti, liti, ndi ndani, chinachitika n'chiyani, unamva bwanji. Ukamanena za amene unali naye, gwira "he" kapena "she" mpaka kumapeto. Ife timangoti iye, ndiye mnzako wamkazi amatha kusanduka mwamuna pakati pa nkhani.

Pokonzekera, tseka buku nthawi zina utuluke panja. Yenda mphindi 20, foni ikujambula, uzifotokoza m'Chingerezi zimene ukuona ndi kumene ukupita. Anthu aziyesa uli pa foni ndi munthu, usachite manyazi. Ukabwerako mvetsera, lemba pamene unakakamira, peza mawu amene unawasowa, mawa ukayankhenso funso lomwelo ndi mawu ena. Ukasowa chonena tsiku la mayeso, "Let me think" ndi wabwino kuposa kukhala duu, ndipo ngati funso silinamveke uli ndi ufulu wopempha kuti alibwereze: "Could you repeat the question, please?"

Lamlungu ndidzakuimbira madzulo. Usakonzekere kalikonse. Ndidzakufunsa mafunso anayi a kuyenda amene sindikuuza pano, ndipo pa yankho lililonse ndidzati "Why?" Mayi ako akuti adzagwira wotchi, ndipo akupereka moni.

Ndine,
Bambo ako