Lipoti la ulendo wa ku Sheridan: malamba ndi matumba a mfuti a chikopa

A Wapampando, akomiti ndi amisiri anzanga nonse,

Munandituma ku chionetsero cha amisiri a zikopa cha Rocky Mountain Leather Trade Show, chomwe chimachitika chaka ndi chaka mwezi wa Meyi m'tauni ya Sheridan, m'chigawo cha Wyoming ku America. Amakonza ndi eni magazini ya Leather Crafters & Saddlers Journal. Ntchito yomwe munandipatsa inali yokaona mmene amasokera malamba ndi matumba a mfuti a ma cowboy, n'kudzakuuzani ngati nafenso tingayambe kupanga zoterezi kuti tizigulitsa kunja, poti ena mwa inu munaona mitengo yake pa intaneti mitima n'kuyamba kudumpha. Ndiyambe ndi yankho, kuti otanganidwa asadikire mpaka kumapeto: luso la m'manja tili nalo, chomwe tilibe ndi chikopa choyenera. Tikathamangira ntchitoyi ndi zikopa zomwe tikusokera lero, ndalama za gulu zilowa m'madzi.

Za chionetsero chenichenicho sindichulutsa. Kumakhala maphunziro, kumakhala ogulitsa zikopa, zida ndi makina, ndiponso mpikisano wotchedwa World Leather Debut komwe amisiri amaika ntchito zawo kuti oweruza aziunike. M'tauni momwemo muli shopu ya King's Saddlery, ndipo kuseri kwake kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale yodzaza ndi zishalo za akavalo. Mwini wake woyamba, malemu Don King, ndi amene anatchukitsa kalembedwe ka maluwa ang'onoang'ono ozungulirazungulira pachikopa, komwe lero kamadziwika ndi dzina la tauniyo. Maluwawo ndi okongola zedi, koma ndikupempheni kuti tisayambire pamenepo. Thumba la mfuti losakwana bwino silipulumuka chifukwa cha maluwa.

Ogula katunduyu ambiri amaidziwa bwino mbiri yake, ndipo poitanitsa amatchula mtundu ndi dzina. Choncho mbiriyo tiyenera kuidziwa nafenso. M'zaka za m'ma 1850, anthu atakhamukira ku California kukakumba golide, mfuti yam'manja yofala inali Colt 1851 Navy, yomwe ankathiramo wonga ndi chipolopolo payekhapayekha. Thumba lake linali lowonda, lotsatira thupi la mfutiyo, lokolekedwa pa lamba wamba. Mtundu umenewu amautcha California kapena Slim Jim. Zinthu zinasintha zitabwera zipolopolo zokhala kale ndi wonga m'kati, makamaka itatuluka Colt Single Action Army mu 1873. Anthu anayamba kunyamula zipolopolo palamba, lamba anakula m'lifupi, ndipo kachingwe kakang'ono ka kumbuyo kwa thumba lakale sikankakwananso. Apa m'pamene panabadwira mtundu wa Mexican loop: thumba ndi chikopa cha kumbuyo kwake zimadulidwa pamodzi, cha kumbuyocho amachipinda kudutsa pamwamba pa lamba, amachicheka mizere iwiriiwiri, kenako thumba lija amalipisa m'mipatamo kuti ligwire. Mmisiri wina wa m'tauni ya Cheyenne ku Wyoming komweko, F. A. Meanea, ankalitupitsa thumbalo pakati pa mipata ija kuti lisamatsomphoke munthu akamasolola mfuti, ndipo kunsi ankasokerako kachikopa kotseka. Mpaka lero anthu amaitanitsa kuti akufuna la Cheyenne.

Matumba onsewa ankakhala m'mwamba, pachiuno penipeni, ndipo ankameza mfuti pafupifupi yonse, chifukwa munthu wokwera kavalo tsiku lonse chimene ankaopa ndi kutaya mfuti m'tchire. Lija lolendewera pantchafu, lomangidwa ndi kachingwe kumwendo, lomwe ambirife tinakula tikuliona m'mavidiyo sho, amalitcha buscadero. Linayamba kuoneka cha m'ma 1920, ndipo amene analifalitsa ndi opanga mafilimu ku Hollywood. M'ma 1950 mmisiri wina wa ku Hollywood komweko, Arvo Ojala, ankasokera chitsulo chopyapyala pakati pa zikopa ziwiri kuti thumba likhale loyasama, wosewera filimu azisolola mfuti mwachangu. Ndiye wogula akati akufuna lamba wa m'ma 1880 iwe n'kumutumizira buscadero, katunduyo abwerera. Ogula ambiri lero ndi anthu a mipikisano yowombera ndi mfuti zachikale atavala zachikale, monga a bungwe la Single Action Shooting Society lomwe linakhazikitsidwa mu 1987. Aliyense amawombera ndi mfuti zam'manja ziwiri, motero amafuna lamba mmodzi ndi matumba awiri ofanana ndendende.

Tsopano nkhani ya chikopa, yomwe ndikufuna tiikhalire pansi. Kufufuta kuli panjira ziwiri zikuluzikulu. Zikopa zambiri zomwe timagula ife, kuphatikizapo zidutswa zotsala ku mafakitale ndi zomwe timang'amba ku majekete a kaunjika, n'zofufutidwa ndi mankhwala a chrome. Njirayi ndi yachangu ndipo chikopa chake n'chofewa, chabwino pa nsapato ndi zikwama. Mukachicheka, pakati pake pamaoneka motuwa mobiriwirako. Koma chikopa chotere sichisunga maonekedwe omwe mwachipatsa, sichilembeka ndi zidindo, ndipo amisiri a kumeneko sachifuna pafupi ndi chitsulo cha mfuti poopa dzimbiri. Chomwe amasokera iwo n'chofufutidwa ndi makungwa a mitengo, chomwe chimakhala m'madzi a makungwawo kwa masabata angapo. Chikanyowa chimamvera dzanja ngati dothi loumbira mphika, chikauma chimauma momwemo osabwereranso. Mayina awiri amene ndinkangowamva pakamwa pa aliyense ndi Hermann Oak, fakitale ya ku St. Louis yomwe inayamba mu 1881, ndi Wickett & Craig ya ku Pennsylvania.

Chomwe chinandilimbitsa mtima n'chakuti mankhwala a makungwawo sachokera kutali kokhakokha. Ena amachokera ku mtengo wa quebracho wa ku Argentina ndi Paraguay, ena ku mtengo wa chestnut wa ku Italy, koma ena ambiri amachokera ku makungwa a mtengo wa wattle, womwe umalimidwa ku South Africa, kum'mawa kwa Zimbabwe komanso ku Njombe m'dziko la Tanzania. Ndi aneba athu amenewa.

Kuchindikala kwa chikopa amakuyeza m'maaunsi. Aunsi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 64 a inchi, kapena kuti pafupifupi mamilimita 0.4. Thumba la mfuti limafuna cha maaunsi 8 kapena 9, ndiye kuti mamilimita opitirira pang'ono atatu. Timipata toikamo zipolopolo palamba timafuna chopyapyala, cha maaunsi 4 kapena 5. Amadula kumsana ndi kumapewa. Cha kumimba amachipewa chifukwa chimatanuka. Lamba wa mfuti amafuna chikopa chachitali kuposa mita, chopanda chilema kuchokera uku mpaka uko, ndipo apa m'pamene ng'ombe zathu zimatigwetsa ulesi. Ndi zazing'ono poyerekeza ndi za kumeneko, zili ndi linunda, zambiri zili ndi zipsera za nkhupakupa ndi minga. Choipitsitsa ndi mpeni wa wosenda. Munthu akamasenda mothamanga ndi mpeni wosongoka amasiya mabala kunsi kwa chikopa, ndipo balalo limadzaonekera lamba atatha kale, pamene mukumupinda. Kuyanika chikopa pansi padzuwa osathira mchere nakonso kumachiwononga chisanafike n'komwe kwa wofufuta.

Kasokedwe kake sikachilendo kwenikweni kwa inu, koma dongosolo lake ndi lokhwima. Thumba lililonse limapangidwa motsatira mfuti yake. Colt ya 1873 yokhayo ili ndi mipope ya mainchi 4¾, 5½ ndi 7½, ndipo iliyonse imafuna patani yakeyake. Amisiri ambiri sagwiritsa ntchito mfuti yeniyeni. Ali ndi zifanizo za pulasitiki kapena aluminiyamu zoumbidwa mofanana ndi mfutiyo. Amapinda pepala lolimba pakati, amaika msana wa mfuti pamzere wopindawo, amaigoneka kumbali n'kujambula, kenako amawonjezera malo a msoko ndi a kuchindikala kwa chikopa. Asanadule amatsimikiza ngati wogula ndi wamanzere kapena wamanja, poti patani ikatembenuzika chikopa chonsecho chapita.

Zokongoletsa zimabwera msoko usanayambe. Amanyowetsa chikopa n'kuchisiya mpaka mtundu wake utayamba kubwerera koma chikadali chozizira pochikhudza. Pamenepo ndi pomwe chidindo chimalowa bwino n'kusiya mzere wooneka. Chikanyowa kwambiri zolembazo zimafufutika zokha. Pa chikopa chonyowa chotere sipayenera kugona chitsulo chilichonse, ngakhale kamsomali, chifukwa chimasiya banga lakuda losachoka. Kenako amakumba kamzere koti ulusi ugonemo usamakhulike, amamata ndi guluu, amaboola ndi choboolera chakuthwa, n'kusoka ndi singano ziwiri pa ulusi umodzi wopaka phula, mabowo 6 kapena 7 pa inchi. Msoko wa singano ziwiriwu ukaduka mbali imodzi, mbali inayo imagwirabe, pomwe wa makina ukaduka umasomphoka. A msoko wa nsapato pakati pathu, mwezi umodzi ukukwanirani kuuzolowera. Pakati pa mbali ziwiri zosokedwazo ambiri amaikapo kachikopa kena kuti mfuti ipeze malo ndiponso isamadye ulusi.

Akatha kusoka amanyowetsanso thumba, amalowetsa chifanizo chija, amakanikiza ndi zala mpaka chikopa chitagwira thupi la mfuti, n'kuliyanika pamthunzi. Pamoto ayi, limauma gwa n'kusweka. Mfuti iyenera kukhala osagwedera, komanso kutuluka osalimbana nayo. Nthawi yaitali amathera m'mphepete: kusenga ngodya, kupala ndi sandipepa, kunyowetsa pang'ono, kukhula ndi nsalu yolimba mpaka kutentha, kumalizira ndi phula la njuchi. Ndinaona kuti anthu odziwa akanyamula thumba, chala chimayamba chayenda m'mphepete maso asanaone maluwa. Ife m'mphepete timangopaka polishi wakuda n'kupereka katundu, ndipo ichi tingachisinthe mawa lomwe popanda kugula kanthu. Mafuta amapaka ochepa kwambiri. Akachuluka thumba limalobodoka.

Njira ina yotchipa yomwe ndinaikonda ndi yodetsera chikopa. Amaviika waya wopyapyala wotsukira mapoto mu viniga kwa masiku angapo, madziwo akapaka pa chikopa cha makungwa chimada bii mpaka m'kati, osasuluka ndiponso osadetsa zovala. Pambuyo pake amatsuka ndi madzi a soda pang'ono. Pa chikopa cha chrome sizigwira, chifukwa chomwe chimadetsa ndi kukumana kwa chitsulo ndi mankhwala a makungwa aja.

Lamba ali ndi misampha yake. Savalidwa m'malupu a thalauza koma pamwamba pa zovala, motsikirako, motero amatalika kuposa lamba wa thalauza ndi mainchi angapo. Wogula amauzidwa kuti adziyeze yekha pamalo pomwe lambayo adzakhale, ndipo muyesowo umagwera pa bowo lapakati. M'lifupi amakhala mainchi awiri ndi theka kapena atatu, ndipo ambiri amamudula mokhota pang'ono kuti agone bwino pachiuno. Timipata ta zipolopolo ena amatisoka kamodzikamodzi, ena amapisa kachikopa kamodzi kakatali m'mabowo a lamba, kutuluka n'kubwereranso pabowo lomwelo. Timipata tonseti tiyenera kufanana. Kamodzi kakakula, chipolopolo chimagwa. Wogula amachenjezedwanso kuti asasiye zipolopolo palamba nthawi yaitali, poti mkuwa ukakhalitsa pachikopa umachita ndere zobiriwira. Ndinaonanso lamba wachikale wa chikopa chofewa chopindidwa pawiri, wokhala ndi kampata pafupi ndi chitsulo chomangira, momwe anthu apaulendo ankabisamo ndalama zachitsulo.

Nanga ife titani? Kuno kwathu mfuti siikhala ndi munthu wamba popanda chilolezo, ndipo mfuti za ma cowboy sizomwe achitetezo amanyamula, choncho msika wa matumba amenewa uli kunja basi. Kumeneko tikakumana ndi amisiri omwe chikopa chabwino amachipeza pafupi, zifanizo za mfuti ali nazo, ndipo katundu akapanda kukwana wogula amangomubweza mosavuta. Maganizo anga ndi akuti tisonkhe tigule zikopa zochepa zofufutidwa ndi makungwa, tigawane, tiyambe ndi zinthu zomwe zimafuna luso lomweli koma ogula ali pakhomo: chimake cha mpeni ndi cha chikwanje, matumba a zida za akalipentala ndi a zamagetsi, ndiponso malamba a thalauza olimba oti malamba a kaunjika asawayandikire. Chimake cha mpeni chili ndi zonse: patani, kachikopa ka pakati pa msoko, singano ziwiri, kuumba chikopa chonyowa ndi m'mphepete. Amene chimake chake chakhoza, thumba la mfuti silidzamuvuta. Tikafuna kuyesa msika wakunja, tiyambe ndi malamba okha, poti safuna chifanizo cha mfuti. Zifanizozo pasapezeke woitanitsa payekha tisanalembere kalata apolisi ndi a kasitomu n'kulandira yankho lolembedwa. Chinthu chooneka ngati mfuti chingatibweretsere milandu yomwe sitinaiitane.

Ndikupemphanso komiti kuti isankhe anthu okakambirana ndi osenda ng'ombe omwe timagulako zikopa, kuti azisenda ndi mpeni wobulungira kunsonga ndi kuthira mchere tsiku lomwelo, ife n'kumawonjezera kangachepe pa chikopa chopanda bala. Malisiti onse a ulendowu ali kwa a msungichuma, ndipo aliyense ali ndi ufulu wowaona. Pamsonkhano wathu ukubwerawu ndidzaonetsa msoko wa singano ziwiri ndi kakonzedwe ka m'mphepete. Aliyense adzabwere ndi mpeni umodzi woti adzausokere chimake, ndipo tsiku lomwelo tidzagwirizane za ndalama yosonkha.

Ine mthumwi wanu.