Amayi, ya malata ija isakhudzidwe

Amayi, muli bwanji kumeneko, ine ndili bwino kuno ku Perth kungoti kuzizira. Talandira Lachisanu ndipo ndatumiza kale, atape ndi achemwali osati wina aliyense.

Nkhani yandisowetsa tulo ndi iyi, ndamva kuti mng'ono wangayo akufuna atenge ndalama ya malata ija agulire boti lakale ku Nkhotakota, ati aikemo injini yogula kwa munthu azinyamula anthu ndi matumba a usipa. Ndi zoona zimenezi amayi? Nanga bwanji aliyense ali chete pa WhatsApp?

Mumuuze izi. Ku Fremantle kuno, pafupi ndi komwe ndimagwira ntchito, mu myuziyamu muli injini ya sitima ya pamadzi dzina lake Xantho. Sitimayo inapangidwa ku Dumbarton ku Scotland mu 1848, inagwira ntchito zaka zoposa 20 mpaka inatopa, kenako mu 1871 wina wogula zitsulo zakale ku Glasgow anaikamo injini yakale ya sitima za nkhondo, nkuigulitsa kwa Charles Broadhurst. Bamboyo anabwera nayo kuno kuti izithandiza pa bizinesi yake ya ngale, komanso izinyamula anthu ndi katundu m'madoko a m'mbali mwa nyanja. Chaka sichinathe. Mu Novembala 1872 anaipakira miyala ya mtovu yochuluka kuposa mphamvu zake, inayamba kulowa madzi nkumira pa Port Gregory. Injiniyo anaivuula mu 1985, anthu amangobwera kudzaijambula basi. Ameneyotu anali munthu wa ndalama zake, nanga ife? Ndiye mwana uyu kusambira komwe sadziwa, akufuna akalimbane ndi mwera pa boti lowola, litadzaza anthu a eni ake.

Fizi ya mwana mulipire sabata ino, lisiti mundijambulire. Mankhwala anu a BP musadumphitse.

Ndimaimirira usiku wonse amayi, miyendo kutupa, ndalama imeneyi sinditola pansi. Chambo ndinachiiwala kukoma kwake, kuno nsomba zake ndi za mufiriji zosamveka mkamwa. Malata 30 tinagwirizana aja agulidwe mvula isanayambe, amalume apite nawo kukagula ndipo ndione chithunzi ali pabwalo. Ngati wayamba kale kuidya mundiuze lero lomwe, musamubisire ngati za feteleza zija. Ndisanaone malatawo mwezi wamawa sinditumiza kanthu kupatula ya mankhwala anu.

Moni kwa agogo ndi ana onse.

Ndine mwana wanu